Chala cha Mayi Perepetuwa

Zefelino, kokera mpando kuno,
usatchinge fani, kompyuta iyi imapsa mtima msanga.
Usanakhudze batani lililonse
umve kaye za tsamba langa loyamba.

Ndinapangira alimi a kachewere a ku Domwe.
Masabata atatu ndili m'kachipinda kano pa Ulongwe,
maso psuu ngati ndikuduladula anyezi.
Ndinaikamo phiri likuvula nkhungu,
matumba akuyenda okha kuchokera kumanzere,
zilembo zagolide zopiringizika ngati mpesa,
ndi kanyimbo kongoyamba kokha osaodira.
Pagalasi langa lalikululi
tsambalo linali mkwatibwi.

Anafika mayi Perepetuwa, msungichuma wa gululo,
n'kumasula foni pamfundo ya chitenje,
yong'aluka pakona, yomanga ndi labala.
Tinaima panja, dzuwa lili paliwombo.
Kagudumu kanazungulira.
Kanazunguliranso.
Minibasi ya ku Kalomwe inadzaza, inanyamuka,
ina n'kuyamba kuitanira,
phiri langa litangotulutsa nsonga
mayunitsi awo anathera pomwepo.

Sanakalipe ayi.
Anati, "Mwanawe, phirili ndimaliona ulere m'mawa uliwonse.
Mtengo wa thumba uli pati?"

Usiku umenewo ndinapalira tsambalo ngati munda wa m'dambo.

Ndiye iwe, chithunzi uzichichepetsa usanachikweze.
Chithunzi cholemera ndi ngolo yodzaza njerwa
pamlatho wamitengo,
ndipo wolipira ng'ombe si iwe.
Chimene munthu wadzera chikhale pamwamba:
mtengo, nambala yoimbira, tsiku lokumba.
Mbiri ya gulu ndi nkhope ya wapampando
zingathe kudikira kumunsi, sizithawa.

Zilembo zakuda pamalo oyera.
Zotuwa pa zotuwa n'zokongola mumthunzi wa ofesi,
koma tuluka nazo pamsika masana uone.
Ndipo usazipanikize, zipatse mpata zipume,
ngakhale mbewu yabwino ukaithithikiza imabala timabulo.

Batani uliyeze ndi chala cha mayi Perepetuwa,
chala chokumba, chophwanthika, chosadziwa kunyang'ama.
Akafuna "Imbani" n'kugunda "Bwererani"
wolakwa ndiwe.

Wogula wina achokera ku Tete, wina awoloka kuchokera ku Dedza,
choncho lemba m'zinenero zonse ziwiri,
ndipo unene poyera ngati nambalayo ndi metikali kapena kwacha.
Tinakangana ndi mwini lole tsiku lathunthu
chifukwa cha kachilembo kamodzi komwe ndinaiwala.
Uonenso ŵ wathu uja wa kachipewa,
mitundu ina ya zilembo imamusandutsa kabokosi,
dzina la munthu n'kukhala ndi chibowo pakati.

Mawu achinsinsi asakhale dzina la chibwenzi chako,
Ulongwe yense akulidziwa.
Ntchito uisunge pawiri, pena patatu:
pamakina, pafulashi, ndi kutali komwe mphenzi siifika.
Fulashi yanga yoyamba inachapidwa ndi buluku,
inatuluka yoyera, yopanda kanthu.

M'dirowa umu muli foni yokalamba, ya batire lotupa.
Ndiyo woweruza wathu.
Ukamaliza, ukwere nayo njinga mpaka kuseri kwa chigayo
komwe netiweki imatsala kandodo kamodzi.
Tsamba likatseguka usanawerenge kufika khumi,
bwera undiuze.
Likakana, usabwere ndi zifukwa, bwera ndi khasu.

Chaka chatha mayi aja ananditumizira theka la thumba,
kachewere wofiira, dothi likadali m'maso mwake.
Sanalembe kalata. Sindinafunse.

Haa! Taona, magetsi apita.
Fani yaima, galasi lada bii.
Zefelino, zija umalemba kuyambira m'mawa zija,
unasunga?

Usayankhe. Nkhope yanena kale.
Tsegula zenera, tenga pensulo ndi katoni iyo,
ujambule tsambalo pamanja, laling'ono ngati chikhatho.
Akabwera magetsi tiyambiranso,
ndipo zala ziwiri izi, chaching'ono ndi chamkombaphala,
uziphunzitse kusunga
monga mmene chikope chimaphethira, osatumidwa.