Mtengo wa Nyumba ya Mayi Banach

Ntchito yanga ndi kuyang'ana nyumba za eni
n'kuzitchula mtengo.
Sindigula, sindigulitsa.
Ndimangoima pamsewu kuno ku Milwaukee, m'chisanu cha Febuluwale,
zala zitauma gwa,
kuwerenga mazenera monga wogula ng'ombe awerengera mano.

Nyumba ya Mayi Dolores Banach sinasinthe.
Denga lomwe lija lodontha pangodya ya kumpoto,
masitepe atatu, lachiwiri logwedera,
utoto wobiriwira umene malemu amuna awo anapaka
chaka chimene fakitale ya zikopa inawachotsa ntchito.
Chasintha n'chapafupi.
Anyamata awiri agula ya pambali,
aikapo chitseko chachikasu ndi belu lokhala ndi diso.
Kumapeto kwa msewu kwatsegulidwa kogulitsa khofi
wa madola asanu ndi awiri kapu imodzi.
Nyumba zinayi zapita modula chaka chathachi,
ndipo kompyuta yanga imadziwa lamulo limodzi:
mnzako akakwera, nawe wakwera.

Ndinalemba nambala. Inalowa mu envulopu.

Epulo asanathe anandiimbira foni.
"Mwati ndalemera, mwanangu?
Bwerani mudzandilozere pamene pali chumacho.
Ndasanthula m'kabati, ndapeza mapilisi a shuga okha.
Kapena ndizigumula njerwa imodziimodzi
n'kumakagulira buledi?"
Ndinawafotokozera za fomu ya apilo ndi tsiku lotsekera.
Anati penshoni yawo ilibe apilo.

Ku likulu la mzinda, Terrence Whitlow wa bajeti
amadyera sangweji pa desiki.
Za sitepe logwedera sazidziwa.
Iye amadziwa mtolo wonse:
mchere wothira m'misewu chipale chikagwa,
mapaipi a mtovu okalamba kuposa tonse m'chipindamo,
galimoto ya ozimitsa moto imene ikutha mabuleki.
Amati, Renita, mtolo suchepa ayi,
iwe umangosankha mapewa.
Ndimakana. Sindisankha ine.
Koma taonani nsanjika za pakati pa tauni:
maofesi ali pululu, antchito akulembera kuchipinda kwawo,
eni ake abwera ndi maloya a masuti osalala,
mtengo watsika, msonkho watsika nawo,
ndipo chimene chachoka pa galasi ndi chitsulo
chakatera pa denga lodontha.

Pamsonkhano wa khonsolo anaimirira Efraín Ocasio,
ovololo ya kugalaja ikadali m'thupi.
"Zaka khumi tinkalira kuti dera lathu mwalitaya,
nyali zakufa, maenje mumsewu.
Lero nyali zikuyaka.
Walira mvula walira matope, ndavomera,
koma bwanji matope onse akulowa m'nyumba mwathu?"
Mphindi zake ziwiri zinatha.
Pambuyo pake panabwera mayi wopempha
kuti dziwe losambira la ana lisatsekedwe,
ndipo onsewo tinawaombera m'manja,
manja omwewo.

Apilo ya Mayi Banach ndinakaiona ndekha.
Ndinatsikira kuchipinda chapansi, kumene kuli ng'anjo,
n'kupeza mng'alu wolowa chikhatho m'maziko.
Ndinaujambula ndikumwetulira, manyazi ndi anga,
ngati ndatola chikwama panjira.
Mng'aluwo unachotsa madola zikwi khumi ndi chimodzi pa mtengo;
pa msonkho, mwina bilu ya gasi ya mwezi umodzi ndi theka.
Anandithirira tiyi, anakhala duu, kenako anafunsa,
"Ndiye ndisaukonze?"
Ndinamwa tiyiyo akuwotcha.

Disembala, pobwera kuntchito, ndinadzera ku laibulale ya kwathu.
Pachitseko pepala:
kuyambira Januwale, Lolemba tizikhala otseka.
Mwana wanga amalembera homuweki momwemo Lolemba,
podikira kuti ndiweruke.

M'bokosi la makalata ndinapeza bilu yanga,
dzina langa, adiresi yanga,
nambala yochokera kwa mnzanga wa desiki yoyandikana,
amene timabwerekana cholembera.
Ndinaiika pamwamba pa firiji osatsegula,
ndinayamba ndasenda kaye anyezi.