Njinga Yopanda Kaliyala

Ndinaigula pa Kamwendo, yogwirapo kale ntchito,
chishalo chong'ambika, magiya ochuluka
koma omvera atatu okha.
Mayi a kunyumba anaizungulira kawiri:
"Ilibe kaliyala. Izinyamula chiyani?"
Ndinati izinyamula ine.

Loweruka m'mamawa ndadutsa pa boma,
mapiri a Mchinji akadafunda nkhungu.
Mtunda umayamba ngati ngongole ya feteleza,
mwaulemu, pang'onopang'ono,
mpaka uzindikire kuti mpweya wonse ndi wa eni.
Tcheni chikulira, ntchafu zikuyaka,
thukuta lalowa m'maso ngati tsabola.
Pamsuku paja ndimati ndi pamwamba
ndapezapo mtunda wina ukundidikira.
Ndatsitsa giya. Ndatsitsanso.
Palibenso wotsitsa,
kwatsala mawondo ndi mwano.

Pamwamba pali zii.
Minda ya soya pansipo ngati zigamba za buluku,
uko kwa buluu akuti ndi ku Zambia.
Ndamwa madzi ofunda, onunkha chigubu.

Tsono mtsetse.
Kanjira kamene mvula inakumba ndi zala zake,
mizu ya mombo yopingasa ngati nthiti,
mwala wosalala, mwala wogwedera.
Thako kumbuyo, zigongono zomasuka,
buleki ya kutsogolo uigwire ngati dzira.
Ukayang'ana mwala, ugunda mwalawo;
yang'ana pamene ukufuna kudutsa.
Tayala la kumbuyo latsetsereka, lagwiranso,
mtima uli pakhosi,
ndipo pakamwa patuluka phokoso
lomwe ndinalisiya ku pulayimale.

Pa kona ya kumtsinje ndawapeza a Gelevazio,
matumba atatu a makala pa njinga yakuda,
yopanda giya, yopanda buleki,
nkhwaira ya tayala itakanikiza tayala linzake,
fungo la labala wopsa likuwatsatira.
Andiyang'ana chipewa, andiyang'ana njinga.
"Mwataya katundu, achimwene?"
Ndati ayi, ndimangokwera.
"Kukwera kukatenga chiyani?"

Ndinalibe yankho lokwana m'kamwa.
Ndawagwirira thumba limodzi kuwoloka madzi,
iwo andionetsa njira yolambalala chigwembe,
yomwe amadutsa kawiri pa sabata
chiyambire chaka cha njala.
Atsika patsogolo, ine m'mbuyo,
magiya anga onse osawapeza.

Ndafika kunyumba bondo likuchucha magazi,
malaya akuda phewa limodzi.
Mayi a kunyumba ayang'ana makalawo,
ayang'ana njinga:
"Kani imanyamula."