Singano Ziwiri

Ine ndine telala.
Kafunseni ku Chibavi, pakhonde la golosale ya a Msowoya,
akuuzani: Maliwase, uja amadula ulusi ndi mano,
uja amaluma singano zitatu pamlomo
akamayeza chiuno cha kasitomala.
Zala zangazi n'zobooka ngati sefa
ndipo sindinalirepo.

Koma kusikelo ku Mapale ndabwererako kawiri.
Koyamba ndinati mvula yachuluka,
ngati kuti mvula ndi mlendo mu Mzuzu muno.
Kachiwiri ndinafika mpaka pabenchi,
buku lachipatala lili m'jumbo ya shuga kuti lisanyowe.
Fungo la sipiliti linatuluka pakhomo
n'kudzandigwira pakhosi.
Ndinangozindikira ndili kudepoti,
phazi limodzi lopanda patapata.

Apongozi akuti ndi matama.
Chawanangwa akuseka, uku akupaka oilo tcheni cha njinga:
"Iwe ukabereka bwanji, ukuopa kaminga?"
Anzanga a pabenchi akuti tsinzina, werenga mpaka teni.
Palibe amene wafunsa za chipsera chili pantchafu panga,
cholowa m'kati ngati pomwe panachoka batani.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ku Ekwendeni,
malungo atandiphika,
anthu atatu atandipanikiza pamachira,
amayi atayang'ana kukhoma.
Mutu unaiwala nkhope zawo.
Mnofu sunaiwale.

Usiku iwe umagogoda.
Sindidziwa ngati ukupempha kapena ukundinena.
Ndakusokera kale timalaya tinayi
ta zidutswa zotsala pa nsalu za eni,
ndi kajuzi, poti chisanu cha kuno sichidziwa khanda.
Koma chimene ukufunacho sindingachisoke:
magazi pang'ono m'kabotolo,
katemera wa kafumbata paphewa.
Zinthu zochepa chonchi,
ine mayi wamkulu ndi mawondo anga awiri
kukanika kuwoloka chitseko.

Kachitatu ndinapita m'mamawa, nkhungu isanachoke m'mapaini,
kuti mantha andipeze ndafika kale.
Namwino, a Nyaharawa, sananene kuti sizipweteka.
Akanatero ndikanathawa.
Anati, "Gonani apa, kuti mukakomoka musagwere patali."
Anatsegula zenera.
Kenako anakoka thumba la yunifomu yawo, lolendewera mbali imodzi.
"Ili ndalisoka katatu, likungomasuka.
Ndimalakwitsa pati, a telala?"

Ndinayang'ana. Mayo ine, msoko wake!
Wa mwana wa sitandade folo.
"Simubwereza pakona," ndinatero,
"pakona pamafunika kubwerera m'mbuyo katatu,
ndipo ulusi uwu ndi wosokera matumba a chimanga, osati..."

Inaluma.
Ndisaname, ndinaimva yonse,
kuyambira kunsonga mpaka ku Ekwendeni.
Denga linakwera kutali,
m'makutu munalira nyenje,
kenako zii.

Nditatsegula maso, thonje linali pamkono, lina paphewa,
kamphepo kakulowa ndi phokoso la akabaza kumsewu.
Iwe unandimenya kamodzi pansi pa nthiti.
Palibe amene anaombera m'manja.
A Nyaharawa anali kulemba m'buku:
ndibwerenso pakatha milungu inayi.

Mantha sanathe, musanamizidwe.
Ali pano, agona pansi pa makina ngati mphaka wa eni,
amadzuka ndikangowerenga masiku pakalendala.
Dzulo ndaphonya mpendero wa siketi ya sukulu
chifukwa choganiza za Lachiwiri.

Koma yunifomu ija ili pano.
Anandikulungira m'nyuzipepala tsiku lomwelo.
Thumba ndalisoka, makona onse awiri ndabwereza katatu,
ngakhale ataikamo mwala silingamasuke.
Chawanangwa anati akaisiye popita kutauni.
Ndinakana.
Iwo anati ndalama adzapereka m'manja mwa telala mwini wake,
Lachiwiri, pa eyiti koloko,
m'chipinda chomwe chija.

Mayi uja ndi wochenjera.
Ndipo ine ngongole sindisiya kwa munthu.