Bokosi Lachisanu

Fomu ya pakoleji ya m'dera inali ndi mabokosi anayi:
utelala, ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi.
A Kambalame, mlembi, anati chonga limodzi,
mzere ndi wautali kumbuyoko.
Bolopeni inanyowa m'dzanja langa.

Ndinati bambo, vuto langa lilibe bokosi.
Pampu ya kusikimu kwathu ku Lifuwu
imafa mpunga ukangotenga mimba.
Wokonza amachokera ku Lilongwe,
mafuta a galimoto yake timasonkha ndife.
Tikakolola, sikelo ya venda
imatafuna makilo awiri pa thumba
ife tili chilili, osadziwa poyambira kutsutsa.
Kosi ya zimenezo ili pati?

Anavula magalasi, anandiyang'ana nthawi.
Kenaka anatenga rula
n'kujambula bokosi lachisanu m'munsi mwa fomu,
lopendekeka pang'ono.
Lembamo wekha, anatero,
koma akuluakulu akasainira, dziwa:
ulibe wokubwereka notsi.

Ndinasoka maphunziro anga ngati siketi ya zigamba.
Lolemba mawaya, pakati pa anyamata
ondiitana kuti anti.
Lachitatu mabuku a ndalama.
Lachisanu kuwotcherera,
usiku wake maso ngati ndathiramo mchenga.
Loweruka dothi ndi madzi
kwa mlangizi wina wopuma pantchito
amene ankalawa nthaka ndi lilime
asananene kanthu.

Kalasi iliyonse ndinali mlendo.
Wakabaza wa pa Kamuzu Road
ndiye ankadziwa ndandanda yanga pamtima,
ndi ngongole yanga yomwe.

Masamu a magetsi ndinalephera kawiri.
Kachiwiriko ndinalira kuseri kwa thanki,
ndinapukuta mamina, ndinagula chinangwa chootcha.
Mwana wanga Tiyese, wa sitandade seveni,
ankandigawitsa manambala pa tochi ya foni
n'kumandikalipira monga ndinkamukalipira ine.

Zaka zitatu, mbuzi ziwiri,
ndi chitenje cha ukwati chimene sindichifunanso.

Tsiku la gawuni woulutsa anafika pa ine:
Asiyatu Mdoka, dipuloma ya...
Anatembenuza pepala. Anatsokomola.
Ya zimene anasankha yekha!
Holo inaseka, nanenso ndinaseka,
a Kambalame okha ndiwo anaimirira.

M'minibasi amalume anafunsa,
ndiye tizikutcha ndani, injiniya kapena kalaliki?
Ndinati dikirani, amalume,
dzina limabwera mwana atabadwa.

Sabata isanathe pampu inafa.
Amuna anazungulira, manja kumbuyo,
wina akufufuza kale nambala ya ku Lilongwe.
Ndinazimitsa, ndinamasula chivundikiro.
Buluzi, atauma gwa pakati pa mawaya awiri.
Ndinamuchotsa ndi pulayala,
ndinasintha fyuzi,
ndipo madzi anayamba kukhosomola m'ngalande
dzuwa lisanafike pamutu.

Palibe anaomba m'manja.
Aliyense anathamangira kumunda kwake ndi khasu.

Venda abwera mwezi wokolola.
M'chikwama mwanga, pafupi ndi dipuloma,
muli mwala wa makilo asanu
umene ndinayeza katatu kukoleji.
Ukumudikira.