Malipiro, Malipilo

Pa tsamba lachisanu ndi chinayi
a Khoromana analemba malipiro.
Mizere itatu kutsika mmunsi
analemba malipilo.
Pakamwa ndi liwu limodzi.
Amayi anga, amene anatchola tiyi zaka makumi awiri,
akanamva onse awiriwo
n'kutambasula dzanja lomwelo.
Koma kompyuta si yakwathu kuno.
Yaima, yafiira,
ikuti dzinali sikulidziwa.

Ndafufuta l, ndaika r.
Yayenda.

Kunja chiperoni chameza phiri kuyambira dzulo.
Pa Chitakale njinga zamoto zikuyenda zitayatsa nyali masana.
Mawa ndi Loweruka, kubwera ana khumi ndi atatu
kudzapanikizana pa makompyuta asanu,
ndipo adzakopera zonse zili m'kabukuka
monga zilili, ndi zipsera zomwe.
Chaka chatha Enifa Muhiwa anatha ola lathunthu
akuyang'anizana ndi mkutiro
umene unatsegulidwa osatsekedwa,
akuyesa kuti mbuli ndi iyeyo.
Sanabwerenso.
Ndinamupeza akugulitsa nanazi pamsewu wa ku Muloza,
anandiikira prize ayi, anandiikira basera,
maso ali kumbali.

Ndiye ndikuyenda mzere ndi mzere
ngati wotola timiyala m'nandolo.
Apa mpatuliro wasochera.
Apa mitengero yayamba kulankhula n'kuiwala kutseka pakamwa.
Apa ziro wavala malaya a chilembo o
ndipo wakhala pamenepo zaka zitatu osagwidwa.

Zimenezo n'zopepuka, makina amakuwa okha.
Zovuta zili kuseri kwa kachizindikiro konga mpanda,
kumene kumakhala ndemanga.
Makina salowako.
Kumeneko munthu amanong'oneza munthu mnzake,
ndipo bodza likhoza kumangako nyumba
mpaka kufolera ndi malata.

# apa tikuphatikiza makilo a sabata yonse

Pomwe mzere wapansi pake ukuchotsera.

Ndaseka ndekha m'chipinda chozizira.
Kapitawo wa pasikelo analinso chimodzimodzi:
pakamwa akuphatikiza,
cholembera chikuchotsa,
ati masamba anyowa ndi mame.
Amayi ankabwera ndi dengu lopanda kanthu
ndi nambala imene sinkafanana ndi kuwawa kwa msana.

Tsono wolakwa ndani, ndemanga kapena mzere?
Akanandiuza mwini wake
akupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi,
koma tinakawasiya kwawo ku Nkando mwezi wa Febuluwale,
mvula ikutsanulira m'dzenje tisanamalize nyimbo.
Ndawerenga chitsanzocho kuchokera pamwamba kawiri.
Ndakhulupirira ndemanga.
Ndakonza mzere.
Wotchola tiyi wa m'chitsanzo, wopanda nkhope, wotchedwa wantchito_1,
makilo ake akwera ndi makumi anayi.
Ndamupatsanso dzina. Tsopano ndi Abiti Nampinga.
Palibe anandituma.

Tiyi wanga wazizira m'kapu.
Mlonda wasuzumira kawiri, makiyi akulira m'thumba.

Tsamba lomaliza.
Pulogalamu yaing'ono, mizere isanu ndi umodzi,
ndipo pamwamba pake:

# apa sipali bwino, ndikonza mawa

Palibe chilembo chosowa.
Ndaiyendetsa katatu, katatu konse yayankha zolondola.
Ndaipatsa ziro, ndaipatsa nambala yaitali ngati sitima,
ndaipatsa dzina langa m'malo mwa nambala,
yakana mwaulemu monga iyenera.
Chimene anaona a Khoromana usiku umenewo
sindikuchiona.

Ndemanga yotere siyenera kufika kwa ana.
Ndikudziwa. Ndi ntchito imene ndabwerera.
Chala chili pa batani lofufutira.

Magetsi athima.
Zenera lokha la laputopu ndiye likuwala,
ndi mpweya wanga ukuoneka pang'ono patsogolo pake.
Batire yatsala ya mphindi zisanu ndi ziwiri.

Ndatsika mzere umodzi,
ndamanga kampanda kanga pansi pa kawo:

# inenso ndayang'ana, sindinapapeze. Amene upapeze, utiuze.

Ndasunga.
Mlonda akuti mvula yayambanso,
ngati ndilibe ambulera ndidikire.