Dzimbiri la M'kati

Zaka khumi ndi zinayi ndalondera mapampu ku Nchalo,
usiku, Shire akukwera m'mapaipi kukamwetsa nzimbe.
Dzimbiri ndimalidziwa ine.
Siliyambira kunja kumene penti amanyezimira.
Limadya m'kati, mwakachetechete ngati chiswe,
mpaka tsiku lina paipi n'kulira pajoini.

Ndiye pamene a Nyasemba kuchipatala
anandimasula lamba wopimira magazi pamkono
nati, "Bambo Zuze, mitsempha yanu nayonso ndi mapaipi,"
sindinaseke.

Anajambula kuseri kwa pepala la mankhwala:
kansalu kopyapyala koyala m'kati mwa mtsempha,
maselo ogundana ngati mamba a makakana.
Mpweya womwewu wotipatsa moyo, anatero,
umasiya timakala tamoto m'thupi.
Tikachuluka, kansaluko kamanyeka pang'onopang'ono.
Pakati pa alonda othandiza kuzimitsa
pali wina dzina lake vitamini D,
ndipo khungu limamuphika lokha likaona dzuwa.

Dzuwa!
Kuno kuchigwa?
Kuno kumene phula amafewa mu Okutobala,
mbuzi n'kumalimbirana mthunzi wa ngolo,
anthu n'kumagona pabwalo poti nyumba yasanduka uvuni?
Ndiye kuti ndikufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi.
Ndimaweruka kusanayere, ovolosi mpaka m'khosi,
zenera ndinalitseka ndi thumba la feteleza,
podzuka dzuwa lagwera kale kuseri kwa Lengwe.

Masiku ano sindifulumira kukagona.
Ndimavundikira ndowa pakhomo, n'kukhalapo,
malaya paphewa,
dzuwa likadali khanda, lisanamere mano.
Maliyeta, akusesa, amati ndasanduka ng'ona ya pamchenga.
Amandiphikira dzira, nthawi zina nsomba ya ku Dambo la Ndinde
ndalama ikalola.
Mapilisi ndikumwabe.
"Dzuwa si dokotala," anandichenjeza a Nyasemba,
"ndi wothandizira chabe."

Sindimva kanthu, kunena zoona.
Palibe chothetheka, palibe chophulika.
Koma nanenso ndikamadzoza girisi pabawuti
paipi sinena zikomo.

Dzulo usiku, papampu yachitatu,
ndinagwira chitsulo kuti ndimve madzi akudutsa.
Kenako, osaganiza n'komwe,
zala ziwiri zinapita pamkono wanga.
Ndinaima choncho kanthawi, udzudzu ukuimba,
mlonda mmodzi kumvetsera mnzake
amene sanamuonepo nkhope.