Mbale Yachisanu ndi Chiwiri

Bambo Tuncay agona kuseri kwa khoma ili,
mankhwala awatengera kutali.
Nkhope yawo sindinaione.
Ndikudziwa dzina, chaka chobadwa,
ndi mzere umodzi papepala:
mu umuna mulibe mbewu.
Anapima kanayi. Mulibe.

Kunja Izmir wadzuka kale,
sitima yochoka ku Konak yalira kachiwiri,
koma muno mulibe zenera,
kupatula kabowo kapakhoma
komwe nesi Gülizar amandipatsira mbale.

Uko dokotala watsegula tchende lakumanja
monga mmene timatsegulira nkhuyu yakupsa.
Akuyenda ndi diso la makina
pakati pa timachubu topyapyala kuposa tsitsi la khanda,
kulambalala tofota,
kufunafuna tonenepa, toyera mbuu,
poti mwina m'menemo ntchito sinaime.

Mbale yoyamba.
Ndikhadzula kamnofu ndi singano ziwiri,
ndiwerama, ndisuzumira.
Magazi, zinyenyeswa, bata.
Yachiwiri chimodzimodzi.
Yachitatu inandinamiza:
kanali kaulusi chabe, kopindika ngati mchira.

Mkazi wawo ndiye ndinamuona m'mawa,
Nergis, atakhala pabenchi m'khonde,
nsapato za mwamuna wake zili pamiyendo,
zonunkha dizilo wa kudoko.
Mazira ake asanu ndi anayi ali muno,
m'kabokosi kofunda kumbuyo kwanga,
ndipo mazira sadikira mawa.

Anandinong'oneza osafunsidwa:
"Apongozi tawauza kuti ndi opaleshoni ya chophukacho.
Zaka zisanu ndi zitatu akuloza ine chala,
ndimangoti chabwino.
Iye akamva mawu oti gojo
sadya masiku awiri."

Yachinayi. Yachisanu.
Khosi lauma gwa,
tiyi wazizira m'kagalasi kake panja pa chitseko.
Ntchito yanga ndi kusesa bwalo la mpira ndi nthenga,
mzere ndi mzere,
kusaka munthu mmodzi wogona pansi pa udzu.

Atsegula lakumanzere tsopano.
Gülizar salankhulanso,
angokankha mbale, maso pansi.

Sabata yatha kunali bambo wa ku Manisa, mlimi wa mphesa.
Ndinasaka mpaka oyeretsa anazimitsa magetsi a m'khonde.
Podzuka anafunsa kaye ngati kunja kwagwa mvula,
kenako anatiwerenga nkhope
n'kutembenukira kukhoma.
Ameneyo ndimayenda naye
m'mbale iliyonse.

Yachisanu ndi chimodzi, palibe.

Yachisanu ndi chiwiri,
cha kumphepete, kumene ndikadatha kudumpha:
kamutu, kakhosi, kamchira kopindika.
Sikasambira.
Kangogona phee pakati pa zinyalala
ngati kamsomali kotayika m'utuchi.
Ndigwira mpweya. Ndiwerenga mumtima.
Pa khumi ndi zitatu
mchira uja unjenjemera, kamodzi.

Sindikuwa.
Muno sitikuwa, manja angagwedezeke.
Ndikakoka pang'onopang'ono ndi kachubu kagalasi,
ndikaika m'dontho lakelake.
Pafupi pomwepo pali kena. Ndi kenanso.
Tonse pamodzi tinayi,
pa zaka makumi anayi ndi chimodzi za munthu.

Ndigogoda pakabowo.
"Uzani dokotala asoke. Tapeza."
Gülizar atseka maso pang'ono, n'kupita.

Si mwana ayi, ndisanamize munthu.
Ndi tinayi chabe, ndi mazira asanu ndi anayi,
ndi masiku asanu odikira,
ndi milungu ina iwiri pambuyo pake.
Zambiri zimathera panjira.
Koma madzulo ano Nergis aveka mwamuna wake nsapato,
amugwira mkono potsika masitepe,
iye akuyenda motangadza, ayezi ali m'thumba,
ndipo pali chinthu chimene sadzanenanso za iye mwini.

Ine ndikwera sitima ya sikisi koloko.
Ndikatseka maso ndimaonabe timadontho tikuyandama.
Pansi pa mapazi anga injini ikugunda,
ndipo mwina ndi Bambo Tuncay anaimanga mabawuti.
Mwezi wamawa tikhoza kukhala benchi imodzi,
iwo akuponyera mbalame nyenyeswa za buledi,
ine ndikuyang'ana madzi,
osadziwana.